Mapuloteni amene amapanga duwa: mafunso ndi mayankho

Chimanga chikamasula, mango akachita maluwa, nyemba zikayera ndi timaluwa toyera, timangoti nyengo yake yakwana. M'kati mwa chomeracho mumakhala kuti mwachitika ntchito yaikulu, ndipo oigwira ndi mapuloteni ochepa amene asayansi anayamba kuwadziwa bwino cha m'ma 1990. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza za mapuloteniwo ndi mmene mlimi amakumanirana nawo osawaona.

Mapuloteni si chakudya chomanga thupi chija? Akukhudzana bwanji ndi maluwa?

Mapuloteni a mu nyemba ndi soya amene timadya, ambiri mwa iwo ndi chakudya chimene chomera chimasungira kambewu kake. Amene tikunena pano ndi ena, ndipo ndi ochepetsetsa moti palibe angakhute nawo. Ntchito yawo ndi yolowa pakatikati pa selo, pamene pamakhala DNA yosunga malangizo a chibadwa, n'kugwira pa malo ena ake kuti majini (tizigawo ta DNA, kalikonse ndi langizo lake) ena ayambe ntchito ndipo ena aleke.

Selo la muzu, la tsamba ndi la duwa la chomera chimodzi onse ali ndi DNA yofanana. Chosiyana ndi majini amene ali pantchito m'selo lililonse. Mapuloteniwa ali ngati akapitawo pa ntchito yomanga nyumba: sanyamula njerwa kapena kuponda matope, koma ndiwo amanena kuti apa pakhale khomo, apo pakhale zenera. Mmodzi akajomba, amisiri amamangabe, koma zenera limapezeka pamalo pa khomo.

Duwa limayambira pati?

Kunsonga kwenikweni kwa chomera kuli kagulu ka maselo kosakwana n'komwe milimita imodzi. Kaguluka ndi kamene kamatulutsa tsamba lililonse ndi nthambi iliyonse. Nthawi ikakwana kamasiya masamba n'kuyamba maluwa, ndipo mapuloteni awiri otsogolera kusinthaku amatchedwa LEAFY ndi APETALA1. Dzina la LEAFY linabwera chifukwa chomera chosowa puloteniyi chimatulutsa timphukira tamasamba pamalo pamene panayenera kukhala maluwa.

Mu 1995 Detlef Weigel ndi Ove Nilsson anachititsa kuti LEAFY achuluke mu mtengo wa kumaiko ozizira wotchedwa aspen. Mtengo umene umadikira zaka zambiri usanachite maluwa unatulutsa maluwa utangotha miyezi yochepa.

Kolifulawa amene mumamuona mu supamaketi ndi chitsanzo cha ntchitoyi ikaima panjira. Choyera chimene timadyacho ndi nsonga zambirimbiri zimene zinanyamuka kuti zikhale maluwa koma zikungogawikana. Ku kachomera ka Arabidopsis, APETALA1 akawonongeka pamodzi ndi mnzake wina wofanana naye, pamatuluka kachinthu kooneka ndendende ngati kolifulawa, moti mnzakeyo anamupatsa dzina loti CAULIFLOWER.

Nanga ABC imene ophunzira amaloweza ija n'chiyani?

Tengani duwa la mpiru kapena la repu muliyang'ane pafupi. Lili ndi mizere inayi yozungulira. Kunja kuli timasamba tinayi tobiriwira timene tinafunditsa duwalo lisanatseguke. Kenako timasamba tinayi tachikasu tokopa njuchi. Mkati mwake muli ziwalo zachimuna zisanu ndi chimodzi zonyamula mungu, ndipo pakati penipeni pali chiwalo chachikazi chimene chidzasanduke kachikwama ka njere. Arabidopsis thaliana, kaudzu kamene asayansi amakakonda chifukwa kamabereka patangotha masabata pafupifupi 6, n'kachibale ka mpiru ndipo duwa lake n'lopangidwa chimodzimodzi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, gulu la Elliot Meyerowitz ku Caltech m'dziko la America linkasonkhanitsa zomera za Arabidopsis zamaluwa opunduka, pamene gulu la Enrico Coen ku malo a kafukufuku a John Innes ku Norwich m'dziko la England linkachita zomwezo ndi duwa lotchedwa Antirrhinum. Anaona chinthu chimodzi chodabwitsa. Kupundukako sikunkangochitika mwachisawawa: nthawi zambiri mizere iwiri yoyandikana ndiyo inkasokonekera limodzi, ndipo ziwalo zake sizinkasowa koma zinkasanduka za mzere wina. Mu 1991 awiriwa analemba limodzi kufotokoza kuti pali magulu atatu a majini, A, B ndi C, ndipo gulu lililonse limagwira ntchito m'mizere iwiri.

A akakhala yekha pamamera timasamba tobiriwira takunja tija. A akakumana ndi B pamamera timasamba tokongola. B ndi C amapanga ziwalo zachimuna, ndipo C yekha amapanga chiwalo chachikazi. Kuwonjezera apo, A ndi C sakhalira limodzi: pamene pali mmodzi mnzake amathamangitsidwa, ndipo mmodzi akasowa mnzakeyo amalanda duwa lonse.

Ubwino wa fotokozoli ndi wakuti mukhoza kulosera nalo. Chotsani B, mupeza mizere iwiri ya timasamba tobiriwira ndi iwiri ya ziwalo zachikazi, duwa lopanda mungu. Chotsani A, C afika mpaka kunja ndipo ziwalo zachikazi zimera pamene panayenera kukhala timasamba tofunditsa. Zomera zenizeni zinatuluka choncho. Mapuloteni a gulu A ku Arabidopsis ndi APETALA1 ndi APETALA2, a gulu B ndi APETALA3 ndi PISTILLATA, wa gulu C ndi AGAMOUS. Kunena chilungamo, mbali ya B ndi C ndiyo yapezeka yolimba m'zomera zambiri, kuyambira mpunga mpaka tomato. Mbali ya A imavuta kuipeza chimodzimodzi kunja kwa Arabidopsis ndi abale ake, ndipo mabuku a sukulu kawirikawiri sanena zimenezi.

Banja la mapuloteniwa limatchedwa MADS. Dzinali likuchokera kuti?

Mu 1990 majini awiri oyamba a maluwa atawerengedwa, AGAMOUS wa Arabidopsis ndi DEFICIENS wa Antirrhinum, zinaoneka kuti mapuloteni awo ali ndi kachigawo kofanana ndi ka MCM1 wa mu yisiti ndi SRF wa m'thupi la munthu. Zilembo zoyamba za maina anayiwo ndizo MADS. Kachigawoko, ka ma amino acid (timagawo timene timapanga puloteni) osapitirira 60, ndi kamene kamagwira DNA. Arabidopsis ali ndi majini a banjali opitirira 100, ndipo si onse a maluwa: ena amayang'anira mizu, ndipo wina wa mu tomato wotchedwa RIN ndi amene amalamula chipatso kuti chipse. Pa mapuloteni a ABC aja, APETALA2 yekha ndiye si wa banjali.

N'zoona kuti duwa ndi masamba osandulika?

N'zoona. Wolemba wa ku Germany, Johann Wolfgang von Goethe, ananena zimenezi mu 1790 pongoyang'anitsitsa zomera, ndipo umboni wake unabwera patapita zaka 200. A, B ndi C onse akachotsedwa, ziwalo zonse za duwa zimabwerera kukhala timasamba.

Koma panali chotsalira. Asayansi atayika mapuloteni a ABC m'masamba wamba, masambawo sanasanduke ziwalo za duwa. Yankho linapezeka mu 2000 ndi gulu lina, lotchedwa SEPALLATA kapena gulu E. Mapuloteniwa amapezeka makamaka m'duwa, ndipo ndiwo amamangiriza anzawo pamodzi. Mu 2001 Takashi Honma ndi Koji Goto a ku Japan anayika mapuloteni a B ndi E pamodzi m'chomera, ndipo masamba ake anasanduka timasamba ta duwa. Chaka chomwecho Günter Theißen anafotokoza kuti mapuloteniwa amagwirana anayianayi, n'kugwira DNA pamalo awiri moti imapindika. Chiwalo chimene chimere chimadalira kuti anayiwo ndi ati.

Chifukwa chiyani rozi wa pamaliro ndi paukwati ali ndi timasamba tambirimbiri koma saoneka mungu?

Rozi wakutchire ali ndi timasamba tisanu tokha ndi ziwalo zachimuna zambiri. Mwa rozi wodzaza uja, puloteni ya gulu C yapanikizidwira pakati penipeni, ndiye ziwalo zambiri zachimuna zasanduka timasamba tokongola. Mukamusasula pang'onopang'ono mpaka mkati, mupeza timasamba tina topotoka tokhala ndi kachikasu m'mphepete, tosanduka mosamaliza.

AGAMOUS ali ndi ntchito inanso yachiwiri: ndiye amatseka duwa. Amazimitsa puloteni ya WUSCHEL, imene imasunga maselo ogawikana kunsonga. Akasowa AGAMOUS, duwa limamera m'kati mwa duwa linzake, limenelonso n'kumera lina, popanda njere ngakhale imodzi. Anthu akhala akusankha maluwa otere kwa zaka mazanamazana chifukwa cha kukongola, ndipo ambiri amafalitsidwa ndi nthambi osati njere.

Chomera chimadziwa bwanji kuti nthawi yochita maluwa yakwana?

Nkhaniyi inayambira pa fodya. Ku Maryland m'dziko la America kunapezeka fodya wina wotchedwa Maryland Mammoth amene ankangotalika ndi kuchulukitsa masamba, osachita maluwa mpaka chisanu kumupha. Alimi ankamufuna chifukwa cha masambawo, koma mbewu yake inali yovuta kupeza. Wightman Garner ndi Harry Allard anayesa zosiyanasiyana, ndipo pomaliza anayamba kumulowetsa m'kanyumba kamdima dzuwa lisanalowe n'kumutulutsa m'mawa. Fodyayo anachita maluwa. Mu 1920 analengeza kuti zomera zimayeza kutalika kwa tsiku. Mu 1938 Karl Hamner ndi James Bonner anasonyeza kuti kwa zomera zotere chofunika kwenikweni ndi kutalika kwa mdima: kuwala kwa kanthawi kochepa pakati pa usiku kunali kokwanira kuletsa maluwa.

Chodabwitsa china chinali chakuti woyeza nthawiyo ndi tsamba, pamene duwa limamera kunsonga. Mikhail Chailakhyan wa ku Soviet Union ananena mu 1936 kuti tsamba limatumiza kanthu kunsonga, n'kukatcha florigen. Umboni unalipo: tsamba la chomera chokonzeka kuchita maluwa mukalimezanitsa pa chinzake chosakonzeka, nachonso chimachita maluwa. Koma kwa zaka 70 palibe anatha kukagwira kanthuko, mpaka ena anayamba kukayikira ngati kaliko.

Mu 2007 gulu la George Coupland ku Cologne m'dziko la Germany ndi la Ko Shimamoto ku Nara m'dziko la Japan anasonyeza kuti florigen ndi kapuloteni kakang'ono, kotchedwa FT mu Arabidopsis ndi Hd3a mu mpunga. Anakamatira chizindikiro chowala mobiriwira n'kukaona kakuchoka m'tsamba, kudutsa m'misempha imene mumayenda shuga, mpaka kunsonga. Kumeneko kamagwirana ndi puloteni ina yotchedwa FD, ndipo pamodzi amayatsa APETALA1. Mu Arabidopsis amene amalamula kuti FT apangidwe ndi CONSTANS, puloteni imene imaphwanyidwa mumdima koma imasungika kukamawala. Tsiku likatalika, CONSTANS amakumana ndi dzuwa lamadzulo n'kuchuluka. Mu mpunga makina ake ndi omwewo, koma analumikizidwa mwina: masiku aatali amaletsa Hd3a, aafupi amamulola.

Ku Malawi kuno masana ndi usiku sizisiyana kwenikweni. Zimenezi zikutikhudza?

Zikutikhudza kwambiri. Ku Lilongwe tsiku lalitali la mu Disembala limafika pafupifupi maola 13, ndipo la mu Juni limangopitirira pang'ono maola 11. Kwa munthu kusiyanako n'kochepa, koma mbewu zina za kumadera otentha zimamva ngakhale kusiyana kwa theka la ola. Mapira a makolo, nandolo wa makolo ndi mpunga wa Kilombero ndi Faya zimadikira kuti masiku ayambe kufupika. Wobzala msanga ndi wobzala mochedwa amaona maluwa pafupifupi nthawi imodzi, kungoti wochedwayo mbewu yake imachita maluwa idakali yaing'ono ndipo zokolola zimachepa. Mvula yoyamba ikadutsa osabzala, mbewu zotere sizibweza nthawi imene yatayikayo.

Soya ndiye amaonetsa bwino. Kwawo ndi ku China, kumene masiku a chilimwe chawo ndi aatali. Akabwera pafupi ndi equator amaona ngati masiku afupika kale, n'kuchita maluwa asanakule. Dziko la Brazil linatha kulima soya kumadera ake otentha litapeza mitundu yochedwa kuchita maluwa ngakhale masiku ali aafupi, ndipo jini yake, yotchedwa J, inadziwika bwino mu 2017. Ngati munda wanu wa soya uli pafupi ndi getsi loyaka usiku wonse, mizere yoyandikira getsilo ikhoza kukhalabe yobiriwira inzake itauma.

Mpiru umachita maluwa msanga m'dimba, koma kabichi ayi. Bwanji?

Kabichi ali ndi puloteni yoletsa ya banja la MADS yotchedwa FLC, imene imakhala pa jini ya FT n'kuitseka. FLC amazima pokhapokha chomera chikadutsa m'masabata angapo a kuzizira kwenikweni, ndipo kukafundanso amakhalabe wozima, ngati kuti chomeracho chikukumbukira chisanu. Caroline Dean wa ku John Innes ndi Richard Amasino wa ku Wisconsin ndi ena mwa amene anafufuza kwambiri zimenezi. Madera ambiri a kuno sazizira mokwanira, n'chifukwa chake mbewu ya kabichi timagula ya m'mapaketi pamene ya mpiru timasunga tokha.

Mango wanga wobzala ndi njere watha zaka osabereka, koma wa mnzanga womezanitsa wabereka kale. Vuto n'chiyani?

Mwina palibe vuto. Chomera chili ndi ubwana wake. Chikakhala chaching'ono chimapanga kachidutswa ka RNA (m'bale wake wa DNA) kotchedwa miR156, kamene kamapondereza mapuloteni otchedwa SPL. Zaka zikamapita miR156 amachepa, SPL n'kuchuluka, ndipo nsonga zimayamba kumvera FT. Kanthambi komezanitsa kamachokera pa mtengo waukulu umene unadutsa kale ubwanawo, ndiye sikayambiranso poyamba.

Mango wamkulu amafunanso usiku wozizira wa Juni ndi Julayi kuti achite maluwa ambiri m'miyezi yotsatira. Feteleza wa nayitirojeni wochuluka ndi kuthirira kwambiri panthawi imeneyo zimamukankhira ku masamba. M'minda ikuluikulu amagwiritsa ntchito mankhwala a paclobutrazol, amene amachepetsa gibberellin, mahomoni amene mwa mango amaletsa maluwa. Mankhwalawa amakhalitsa m'nthaka ndipo akapitirira muyezo amapinimbiritsa mtengo, choncho si ongothira mwachisawawa pakhomo.

Chimanga chili ndi ngayaye pamwamba ndi ndevu m'mbali. Ndiye ABC ikugwira bwanji?

Timaluwa ta pa ngayaye ndi ta pa chisononkho tonse timayamba tili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi, ndipo mapuloteni a B ndi C amagwira ntchito yawo monga mwa zomera zina. Kenako chimanga chimapha mbali imodzi. Pa ngayaye chiwalo chachikazi chimafa, ndipo majini otchedwa tasselseed ndiwo amatsogolera. Pa chisononkho ziwalo zachimuna zimaleka kukula chifukwa cha gibberellin. Nthawi zina mumapeza njere za chimanga zitamera pa ngayaye, makamaka pa timphukira ta m'mbali. Pamenepo chiwalo chachikazi chimakhala kuti chinapulumuka.

Ndevu iliyonse ndi ya njere imodzi, ndipo imafuna mungu wakewake. Ng'amba ikagwa chimanga chikumasula, ngayaye imathira mungu pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa kutuluka. Zotsatira zake ndi chisononkho cha njere apa ndi apo, ngakhale mvula itabweranso pambuyo pake.

Maungu ndi nkhaka nazo zimasankha pakati pa duwa lachimuna ndi lachikazi, koma kwa izo mpweya wa ethylene umene chomera chimapanga chokha ndi umene umakokera kuchikazi. Maluwa oyamba a dzungu amakhala achimuna, choncho kugwa kwawo osasiya kadzungu si matenda.

Nyemba zina zimayanga, zina zimakhala zachitsamba. Kodi ndi mapuloteni omwewa?

Inde. FT ali ndi m'bale wake wotchedwa TFL1 amene amachita zosemphana naye: amagwira FD yemweyo n'kuletsa nsonga yaikulu kusanduka duwa, kuti ipitirire kukula. Awiriwa amafanana kwambiri moti kusintha amino acid mmodzi yekha kumatha kutembenuza ntchito yawo. Nyemba zambiri zachitsamba, soya wosatalika ndi tomato wobereka nthawi imodzi ali ndi TFL1 wofooka. Mu tomato jiniyi imatchedwa SELF PRUNING, ndipo ndiyo inatheketsa kukolola tomato wa kufakitale ndi makina. Wolimira kudya pakhomo angakonde woyanga, wobereka pang'onopang'ono kwa miyezi. Wolimira msika umodzi angakonde wachitsamba.

Abale ena a FT anapatsidwa ntchito zina. Mu mbatatesi, SP6A amachoka m'masamba n'kutsikira pansi kukalamula kuti mbatatesi ziyambe kuika, ndipo mwa anyezi puloteni ina ya banja lomweli ndiyo imayambitsa mutu.

Chinangwa timabzala mitengo yake. Maluwa ake ali ndi ntchito yanji?

Kwa mlimi wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota alibe ntchito, koma wopanga mbewu zatsopano sangachite kanthu popanda iwo. Kuti aphatikize mtundu wokoma ndi wopirira matenda, mitundu iwiriyo iyenera kuchita maluwa nthawi imodzi. Chinangwa chimachita maluwa pamphanda pokha, ndipo mitundu yowongoka imene alimi ambiri amaikonda imachedwa kupanga mphanda, ina osachita maluwa n'komwe. Maluwa achikazi ndi ochepa, amatseguka masiku angapo achimuna asanatseguke, ndipo chipatso chimodzi sichipitirira njere zitatu.

Ofufuza a ku mabungwe a kafukufuku wa ulimi a IITA ndi CIAT ndiponso yunivesite ya Cornell asonyeza kuti FT akachuluka chinangwa chimachita maluwa msanga. Apezanso njira zosafuna kusintha majini: kuyatsa magetsi ofiira usiku m'munda wa kafukufuku, ndi kudula timphukira tapamphanda tidakali tating'ono kuti mphamvu ipite ku maluwa.

Kodi florigen amagulitsidwa kuti ndipopere mbewu zanga?

Ayi. FT ndi puloteni imene iyenera kupangidwa m'kati mwa tsamba ndi kuyenda m'misempha ya chomera. Mukaipopera pamwamba singalowe, ingoonongeka ndi dzuwa ndi tizilombo. Mabotolo olembedwa kuti amabweretsa maluwa nthawi zambiri amakhala feteleza wa pamasamba wa potaziyamu, fosiforasi ndi boroni. Amathandiza ngati chomera chikusowadi zimenezo, koma sangachititse kabichi kuiwala chisanu kapena nandolo kuiwala kutalika kwa usiku.

Chinanazi ndicho chimamvera mankhwala mosavuta. Alimi akuluakulu amathira ethephon pamtima pa chomera chokhwima, ena kachidutswa ka calcium carbide ndi madzi, ndipo munda wonse umachita maluwa pamodzi. Chomera chikakhala chaching'ono chimamverabe, koma chinanazi chake chimatuluka chaching'ono.

Ngati maluwa akumera koma akugwa, monga amachitira tomato mu Okutobala, mapuloteni a ABC anamaliza kale ntchito yawo. Kumeneko yang'anani kutentha, pakuti mungu umafa msanga kukatentha kupitirira madigiri 35, yang'ananinso kathiriridwe, tizilombo ta m'maluwa, ndi nthawi imene mukupopera mankhwala ophera tizilombo, chifukwa kupopera m'mawa maluwa ali otseguka kumaphanso njuchi zonyamula mungu wa maungu ndi nkhaka.